Kamera m'mimba mwa galu: kumene endoscopy imafika ndi kumene singafike

Anthu ambiri a mu Blantyre amene anamvapo za endoscopy anazimvera ku chipatala cha Queens. Wachibale akamavutika kumeza nsima, amauzidwa kuti abwere m'mawa asanadye kanthu, ndipo amamumezetsa kapaipi kakuda kokhala ndi kamera kunsonga kuti madokotala aone chimene chatseka kummero. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, choncho kapaipi aka si kachilendo kwenikweni. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chida chomwechi chimagwiranso ntchito pa agalu, amphaka, ng'ombe, nkhosa, mahatchi ngakhalenso mbalame. Ndipotu pankhani yosuzumira m'mimba kudzera pa kabowo kochita kuboola, galu ndiye anayamba: dokotala wa ku Dresden, Georg Kelling, anapopera mpweya m'mimba mwa galu wamoyo mu 1901 n'kulowetsamo kachitsulo koonera. Anthu anabwera pambuyo.

Cholinga chake n'chosavuta kumva. Dokotala akufuna kuona m'kati mwa thupi, kutapamo kanyama kokapima, kapena kutulutsa chinthu chimene chakodwa, koma sakufuna kung'amba chilonda chachikulu. Ndiye amadzera pakhomo limene lilipo kale, monga pakamwa, m'mphuno, kumatako kapena njira ya mkodzo. Kumene kulibe khomo, monga m'mimba kunja kwa matumbo, m'chifuwa kapena m'bondo, amaboola timabowo ta mamilimita 5 mpaka 10.

Vuto lalikulu kuyambira kale linali kuwala, chifukwa m'thupi muli mdima wa ndiweyani. Philipp Bozzini wa ku Frankfurt anayesa ndi kandulo ndi timagalasi cha m'ma 1806. Mu 1868 Adolf Kussmaul analowetsa chitsulo chowongoka mpaka m'chifu cha munthu wina amene ntchito yake inali kumeza malupanga posangalatsa anthu, koma kuwala kunali kochepa moti sanaone zambiri. Zinthu zinasintha mu 1957 pamene Basil Hirschowitz, wobadwira ku South Africa koma akugwira ntchito ku University of Michigan, anapanga ndi anzake chida chopindika chogwiritsa ntchito timaulusi tagalasi. Kuwala kukalowa m'kaulusi kotere kumangogunda m'mbali n'kumapita kutsogolo osatulukira panja, ngakhale kaulusiko katapindika. Hirschowitz anayamba wameza yekha chidacho asanachiyese pa wodwala. Kumbali ya zida zowongoka, Harold Hopkins wa ku England anakonza magalasi aatali oonetsa chithunzi chowala bwino, ndipo kampani ya Karl Storz ya ku Tuttlingen inayamba kuwapanga m'zaka za m'ma 1960. M'zaka za m'ma 1980 ndi mmene kamera yeniyeni inakhala kunsonga, chithunzi n'kumaoneka pa sikirini, moti aliyense m'chipindamo amaona zimene dokotala akuona.

Lero zidazi zilipo za mitundu iwiri. Chopindika ndi chija cha kummero, m'chifu, m'matumbo ndi m'njira za mpweya. Cha galu chimakhala chachitali mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kunenepa kwake sikupitirira sentimita imodzi. Musachione kuonda, m'kati mwake muli zambiri: njira ya kuwala, waya wa kamera, kanjira kopopera mpweya ndi madzi otsukira diso la kamera, mawaya okoka nsonga kuti ikhotere kumwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere, komanso kanjira ka mamilimita awiri kapena atatu kodutsitsira timapulayazi, timaukonde ndi timisampha tawaya. Chowongoka ndi chachitsulo, sichipindika, koma chithunzi chake n'chakuthwa. Chimenechi ndi cha m'mphuno, m'khutu, m'chikhodzodzo cha galu wamkazi, m'mfundo za mafupa ndi m'mimba.

Ndikhalitse pa nkhani ya fupa, chifukwa kwa ine apa ndi pamene chida ichi chimaonetsa mtengo wake wonse.

Agalu athu ambiri, a ku Ndirande ndi a ku Namiwawa omwe, amadya zotsala patebulo: mafupa a nkhuku, a mbuzi, mitu ya nsomba, zotolera pa kanyenya. Nthawi zambiri zimadutsa bwinobwino. Koma fupa lokhala ndi ngodya, makamaka la msana, likamezedwa mwaphuma limatha kuima m'njira ya chakudya. Pali malo atatu opanikizika pamene limakonda kuima: polowera m'chifuwa, pamwamba pa mtima, ndi pafupi ndi khomo la chifu. Galu wotere amachucha dovu, amameza pafupipafupi popanda chomeza, amasolola khosi, ndipo akadya chakudya chimabwerera. Apa mwini galu ayenera kukhala tcheru, chifukwa kubweza chakudya ndi kusanza n'zosiyana. Posanza galu amayamba wavutika, mimba imakoka, ndipo zotulukazo zimakhala zogayika pang'ono, mwina zachikasu. Pobweza amangoweramitsa mutu chakudya n'kugwa chili momwe anachimezera, nthawi zina chowumbika ngati soseji. Mukamufotokozera dokotala bwino kusiyana kumeneku, mwamuthandiza kudziwa koyambira.

N'chifukwa chiyani osangong'amba n'kuchotsa fupalo? Chifukwa njira ya chakudya ndi malo oipa kwa mpeni. Gawo lalikulu lili m'chifuwa, pakati pa mapapo, moyandikana ndi mtima ndi mtsempha waukulu wa magazi. Kuti afikepo dokotala ayenera kutsegula pakati pa nthiti, ndipo chifuwa chikatseguka mapapo sangadzipumire okha, pamafunika makina kapena munthu wopopa mpweya mpaka opaleshoni ithe. Komanso njirayi siipola msanga: ilibe kachikopa kakunja kamene kamathandiza matumbo kumatana akasokedwa, ndipo siipuma, imagwedezeka nthawi iliyonse galu akameza malovu kapena kupuma. Msoko ukangophwasuka pang'ono, zakudya zimatayikira m'chifuwa, ndipo agalu ambiri otere sapulumuka.

Ndi kamera nkhani imayenda mwina. Amayamba ajambula X-ray kuti aone pamene fupa lili ndiponso ngati laboola kale. Galu amagonetsedwa ndi mankhwala, amamuika chubu m'njira ya mpweya kuti dovu ndi zakudya zisalowe m'mapapo, amamugoneka chakumanzere, kenako kapaipi kamalowa. Dokotala amapopa mpweya pang'ono kuti makoma a njirayo atalikirane ndi fupa, amayamwa madzi odikha pamenepo, amaligwira ndi chopanira n'kumalipotoza pang'onopang'ono mpaka mbali yosongoka ileke kubaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amene amakoka mwamphamvu amang'amba chimene amafuna kupulumutsa. Fupa likakana kubwerera kukamwa, nthawi zina amalikankhira m'chifu mwadala, chifukwa asidi wa m'chifu cha galu amasungunula fupa. Izi sangachite ndi pulasitiki kapena mwala. Mbedza ya nsomba nayo ili ndi njira yake, amayamba aikankhira kutsogolo kuti ndevu yake ichoke m'mnofu asanaitulutse.

Likatuluka fupa, dokotala wabwino amabwereranso ndi kamera kukaona chilonda chimene lasiya. Pamenepa ndi pamene masiku amene mwini galu anazengereza amaonekera. Fupa la tsiku limodzi limangosiya malo ofiira basi. La masiku anayi kapena asanu limakhala litafinya mnofu mpaka kuufetsa, pamada bii, ndipo pamatha kubooka pochotsa pomwepo. Ngakhale pasabooke, chipsera chimatha kukoka njirayo n'kuichepetsa patapita sabata imodzi kapena zitatu, galu n'kuyambiranso kubweza chakudya. Zikatero amabwereranso ndi kamera yomweyo n'kukafufumitsa kabaluni pamalo opanikizikawo, mwina kangapo. Galu amene zamuyendera bwino amapita kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake, ali ndi mankhwala ochepetsa asidi ngati omeprazole ndi oteteza chilonda ngati sucralfate, n'kumadya zofewa kwa masiku angapo. Palibe ulusi wokachotsa.

Ndiye zija timachita kunyumba zomupatsa mbamu yaikulu ya nsima kuti "itsitse" fupa, kapena kumumwetsa mafuta ophikira mokakamiza, zisiyeni. Nsima imakhomera fupa mozama, ndipo mafuta akalakwa njira amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Pali chenjezo lina lofunika kuposa onse, ndipo ndi la ife a kuno makamaka. Galu wochucha dovu, wolephera kumeza, wokanda kukamwa ngati wina wamuika kanthu, akhoza kukhala alibe fupa lililonse. Chiwewe chimapha minofu ya kummero ndipo chimaoneka chimodzimodzi. Ng'ombe yachiwewe nayonso imaoneka ngati yatsamwa mango kapena mbatata, ndipo alimi ndi alangizi a ziweto m'mayiko ambiri akhudzana ndi malovu achiwewe chifukwa chopisa dzanja kukamwa kukafunafuna chimene kulibe. Mzinda uno ukudziwa bwino ululu wa matendawa: a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies atabwera mu 2015 anabaya katemera agalu oposa 35,000 mu Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito, chifukwa ana anali kufa. Choncho dokotala akakufunsani kaye khadi la katemera asanagwire galu wanu, musaone ngati akuchedwetsa. Ndipo inu musapise dzanja.

Sikuti galu aliyense wobweza chakudya wameza fupa. Kum'mwera kwa Africa kuno kuli nyongolotsi yofiira yotchedwa Spirocerca lupi, imene akatswiri a ku Onderstepoort, sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Pretoria, aifufuza kwambiri. Galu amaitenga akadya zikumbu zija zimagubuduza ndowe, kapena abuluzi, achule, mbewa ndi nkhuku zimene zinadya zikumbuzo. Ulendo wake m'thupi ndi wodabwitsa. Imaboola chifu, imakwawa m'makoma a mitsempha mpaka kufika mu mtsempha waukulu wa m'chifuwa, imakhalamo miyezi, kenako imasamukira m'khoma la njira ya chakudya n'kupanga chotupa chokhalamo. Agalu ena amafa mwadzidzidzi mtsempha wofooketsedwawo ukaphulika. Mazira ake ndi ovuta kuwapeza m'chimbudzi chifukwa satuluka tsiku lililonse, koma pa kamera chotupacho chimaoneka poyera, chosalala, chokhala ndi kachibowo ngati nsonga ya bere. Chofunika kwambiri n'chakuti zina mwa zotupazi zimasanduka khansa, ndipo yoteroyo imaoneka yamabampu, yazilonda, yotuluka magazi. Chotupa chosalala chimamva mankhwala ngati doramectin, pamene cha khansa chimafuna opaleshoni, ngati n'kotheka n'komwe. Doramectin yemweyo musamugule nokha kusitolo ya mankhwala a ng'ombe n'kumangobaya, chifukwa agalu a mtundu wa Collie ndi abale awo amatha kufa naye.

Ntchito ina ya kamera, imene siitchuka koma ndi yatsiku ndi tsiku m'zipatala zimene zili ndi chidachi, ndi kutapa tinyama tokapima. Galu kapena mphaka amene wakhala akusanza kapena kutsekula m'mimba kwa miyezi, wamwa mankhwala a njoka zam'mimba, wasinthidwa chakudya, magazi apimidwa koma osapezeka kanthu, ndiye amafika apa. Khoma la chifu limatha kuoneka labwinobwino ndi maso pamene lili ndi matenda, n'chifukwa chake dokotala amatapa tizidutswa tingapo malo osiyanasiyana ngakhale asaone cholakwika. Tizidutswato ndi tating'ono ngati njere ya mapira ndipo timangochokera pamwamba, choncho matenda obisala m'kati mwa khoma amatha kuphonyedwa. M'mphuno amapezamo tizidutswa ta udzu, nkhungu kapena chotupa mwa galu woyetsemula magazi mbali imodzi. Mahatchi, amene kuno ndi ochepa, amafuna chida cha mamita atatu kuti aone zilonda za m'chifu, ndipo iwo amapimidwa ali chilili ataledzeretsedwa pang'ono.

Tsopano kumene kamera singafike. Matumbo aang'ono a galu ndi aatali mamita angapo, ndipo kapaipi kamangofika koyambirira kwake kudzera kukamwa, ndi kumapeto kwake kudzera kumatako. Pakati ponse ndi mdima. Tsoka ilo, zinthu ziwiri zimene agalu athu amameza kwambiri zimakonda kukaima pakati pomwepo: chitsononkho nthawi ya chimanga chachiwisi, ndi njere ya mango kuyambira November. Zikadali m'chifu, pali mwayi wozikola ndi kaukonde. Zikadutsa n'kukatseka matumbo, ndi opaleshoni basi, ndipo kuchedwa kumaoletsa matumbo. Chimodzimodzi mphaka womeza ulusi: ulusi umakodwa pansi pa lilime, mbali ina n'kupitirira, matumbo n'kukwinyikira pa ulusiwo ngati kabudula wa lamba wokoka. Kukoka ulusi wotero, kaya ndi dzanja kaya ndi kamera, kumacheka matumbo.

Kwa mlimi wa ng'ombe za mkaka ku Chiradzulu, Thyolo kapena Bvumbwe, ndinene mosabisa kuti vuto lake lalikulu la zomeza silichira ndi chida ichi. Ng'ombe ndi mbuzi zimameza majumbo, zingwe ndi masaka, ndipo zimenezi zimapotana m'chifu chachikulu n'kukhala chibuma cholemera makilogalamu angapo. Chifucho chimakhala chodzaza ndi msipu moti kamera singaone kanthu, ndipo chibumacho sichingadutse kummero. Mankhwala ake ndi kung'amba mbali yakumanzere ya mimba, kumbuyo kwa nthiti, ng'ombe ili chilili n'kutulutsa ndi manja, ntchito imene dokotala wophunzitsidwa bwino amaichita pakhola pomwepo. Misomali ndi mawaya nazo zimatetezedwa bwino ndi maginito omezetsa ng'ombe kusiyana ndi chida chilichonse chodula. Kumene kamera imathandiza ng'ombe ndi m'malo ena: kusuzumira m'kati mwa bere lotsekeka popanda kulicheka, ndi kubwezeretsa chifu chachinayi (ng'ombe ili ndi zifu zinayi) chikasunthira kumanzere ng'ombe itangobereka. Pa nkhosa, kumene khomo la chiberekero ndi lokhotakhota moti chubu cha umuna sichidutsa bwino, alimi a ku Australia, New Zealand ndi South Africa amaika umuna wosungidwa mozizira kwambiri mwachindunji m'chiberekero kudzera pa timabowo tiwiri ta pamimba.

Opaleshoni ya timabowo, imene amaitcha laparoscopy, ndi mdzukulu weniweni wa ntchito ya Kelling ija. Amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti khoma litukuke pakhale malo oonera, amalowetsa kamera pabowo limodzi ndi zida pa ena. Potseketsa galu wamkazi, amaona bwino mitsempha ya kumazira n'kuiwotcha ndi chida chamagetsi m'malo moikoka kuti ifike pachilonda, ndipo kukokako ndi kumene kumapweteka kwambiri pa opaleshoni yachizolowezi. Njira yomweyi amafufuzira tchende limene silinatsike, amatapira chiwindi, komanso amasokerera chifu kukhoma la mimba mwa agalu aakulu a chifuwa chozama, monga German Shepherd, Boerboel ndi Great Dane, kuti chisadzapotoke. Eni agalu olondera m'mipanda ya ku Nyambadwe ndi Sunnyside ayenera kuidziwa nkhani ya kupotoka kwa chifu, chifukwa imapha m'maola ochepa. Komabe pa kutseketsa agalu ambirimbiri a m'makwalala, ine sindiona chifukwa cholirira kamera. Dokotala wozolowera amatseketsa galu pa kachilonda kakang'ono m'mphindi zochepa, ndi zida zophika mu otokilevu (makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha), pamtengo umene mabungwe osamalira ziweto ngati BSPCA ya mu Blantyre angakwanitse. Ndalama ya makina amodzi a laparoscopy ingatseketse agalu ochuluka kwambiri mwa njira yakale.

Mawu oti chilonda n'chaching'ono asakupusitseni kuti ngozi nayo ndi yaing'ono. Munthu ku Queens amatha kumeza kapaipi ali maso atangomupopera mankhwala kukhosi, koma galu sangauzidwe kuti adekhe, ndipo kuluma kumodzi kumawononga chida cha mamiliyoni. Choncho ayenera kugona tulo tonse ta mankhwala, ndi zoopsa zake zonse pa mtima, impso ndi kupuma, makamaka akakhala wokalamba kapena wofooka kale. Ayeneranso kusala chakudya maola 12 kapena kuposa kuti chifu chikhale choyera, ndipo wopimidwa matumbo aakulu amasala nthawi yaitali ndi kutsukidwa m'mimba. Mpweya wopopa ukachuluka umapanikiza mapapo. Ndipo dokotala aliyense woona mtima amakuuziranitu kuti zikavuta ali m'kati adzang'amba, n'chifukwa chake amakusainitsani chilolezo cha zonse ziwiri.

Chidachi sichipezeka m'chipatala cha ziweto chilichonse, ndipo chifukwa chake si mtengo wogulira wokha. Kamera, gwero la kuwala, sikirini ndi makina oyamwa zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Chikathyoka chimatumizidwa kunja kukakonzedwa, chipatala n'kukhala miyezi chilibe. Magetsi akazima fupa lili pakati panjira, pamafunika jenereta kapena mabatire oyaka nthawi yomweyo. Ndiye pali kutsuka, kumene ambiri sakuganizira n'komwe. Chida chopindika sichiphikidwa mu otokilevu, chingasungunuke. Akamaliza amachipima ngati sichikudontha, amapukuta timanjira tonse ndi kaburashi, amachiviika m'sopo wapadera, kenako m'mankhwala ophera tizilombo ngati glutaraldehyde kwa mphindi zoikika, amatsukuluza ndi madzi oyera, amaumitsa n'kuchipachika chowongoka. Kudumpha gawo limodzi ndi kutenga matenda a galu uyu kukapatsa wotsatira. Pamwamba pa zonsezi pali luso la manja. Kudutsitsa nsonga pakhomo lotulukira m'chifu cha mphaka si chinthu chophunzira pa YouTube, ndipo madokotala a ziweto amene koleji ya Bunda yayamba kutulutsa m'zaka zaposachedwa, pamodzi ndi alangizi ochokera ku sukulu ya za ziweto ya Mikolongwe, ali ndi ziweto zambiri zoti azisamalire kuposa manja amene alipo.

Mwini chiweto akauzidwa kuti pakufunika kamera, ali ndi ufulu wofunsa kuti X-ray kapena sikani yaonetsa chinthucho chili pati, ngati n'kofikika ndi kapaipi, amene aziyang'anira kupuma kwa galu ali m'tulo ndi ndani, ndiponso ngati pali zida zotsegulira pomwepo zikakanika. Ngati chipatala chilibe kamera ndipo fupa lili pafupi ndi khomo la chifu, madokotala ena amatsegula chifu n'kulikoka chakumunsi, kupewa kulowa m'chifuwa. Popita kuchipatalako musampatse galu chakudya, tengani khadi la katemera, ndipo ngati chidutswa cha chimene wameza chatsala pansi, chinyamuleni dokotala akachione.